Mukavulala pa Ngozi ya Basi: Wolipira Ndani, Nanga Muyambire Pati?

Kabuku ka mabanja a pa Chitakale ndi madera ozungulira

CHIFUKWA CHAKE KABUKUKA

Pa Chitakale galimoto sizigona. Kukamacha, anyamata amakhala atayamba kale kuitanira za ku Limbe, zina zodzera ku Luchenza ndi ku Thyolo, zina zodzera msewu wa Midima pa Nkando. Ena akulowera ku Limbuli ndi kuchipata cha Muloza, ena akukhotera ku Likhubula mpaka ku Phalombe. Mayi wakweza dengu la zinanazi, mwana akubwerera kusukulu yogonera komweko, bambo akukaona wodwala kuchipatala cha Gulupu. Tonse timakwera, ndipo tsoka silinunkha.

Ngozi ikachitika, banja limasokonezeka mutu. Mwini basi amatumiza thumba la chimanga, kapena amagula bokosi ngati pagwa zovuta. Abale amathokoza n'kunena kuti nkhani yatha. Koma pakapita miyezi isanu ndi umodzi, mwendo uja ukadali wosapinda. Amene ankathyola tiyi sangathenso kuima tsiku lonse dengu lili kumsana. Amene ankapalasa njinga kukaoda nthochi wangokhala pakhonde. Ana ayamba kubwezedwa kusukulu.

Malamulo a dziko lino amati munthu wovulala chifukwa cha kusasamala kwa wina ayenera kulipidwa. Ufulu umenewu ndi wa aliyense, wophunzira ndi wosaphunzira yemwe. Koma umayenda ndi zinthu ziwiri: mapepala ndi nthawi. Wotaya mapepala, kapena wozengereza, amautaya ufuluwo ali maso.

MAWU ATATU OTI TISAMAWASOKONEZE

Chipepeso ndi thandizo limene mwini galimoto amapereka mwaumunthu, monga ufa, nkhuni, bokosi kapena ndalama yoyendera kuchipatala. N'chabwino, ndipo kuchilandira si kulakwa. Koma si malipiro a kuvulala kwanu.

Chindapusa ndi ndalama imene khothi limalamula dalaivala kuti alipire akapezeka wolakwa pa mlandu umene apolisi amuzenga. Kawirikawiri ndalama imeneyi imalowa m'thumba la boma. Wovulala asaidalire.

Chipukuta misozi ndiye ndalama yanu. Imalipira ululu umene mwaumva, chilema chimene mwatsala nacho, ndalama zimene mwawononga ndi zimene mwalephera kupeza. Sichibwera chokha ayi. Muyenera kuchitsatira inuyo.

Choncho mukamva kuti dalaivala wamangidwa kapena walipitsidwa, musati nkhani yanu yatha. Mlandu wa apolisi ndi wina, dandaulo lanu ndi lina.

AMENE ALI NDI UDINDO WOLIPIRA

1. Dalaivala. Ngati anathamanga mopyola muyeso, anapitirira galimoto ina pokhota, anali ataledzera, ankayankhula pa foni, kapena anaodzera, ndiye kuti sanasamale miyoyo imene ananyamula.

2. Mwini galimoto. Dalaivala akalakwa ali pantchito ya bwana wake, bwanayo amasenza nawo mlanduwo ngakhale kuti iye anali kunyumba. Mwini galimoto amayankhanso payekha akatulutsa basi ya matayala akutha, yosagwira mabuleki, kapena akaipereka kwa munthu wopanda laisensi.

3. Kampani ya inshuwalansi. Lamulo la zapamsewu la Road Traffic Act limati galimoto iliyonse yoyenda pamsewu ikhale ndi inshuwalansi yolipirira anthu amene ingawavulaze kapena kuwapha. Gawo 148 la lamuloli limapatsa wovulala mphamvu yosumira kampaniyo mwachindunji, m'dzina lake, osadikira kuti mwini basi avomere.

4. Galimoto ina. Ngati lole kapena galimoto ina ndi imene inaomba basi yanu, dandaulo limapita kwa dalaivala, mwini ndi inshuwalansi ya galimoto imeneyo. Nthawi zina onse awiri amakhala olakwa, ndipo khothi limawagawira mlanduwo. Ngati yolakwa ndi galimoto ya boma, amene amasumiridwa ndi mlangizi wamkulu wa boma pa malamulo, Attorney General, ndipo pamafunika kumulembera kaye chidziwitso mlandu usanalowe kukhothi.

Dziwani ichi: inshuwalansi iliyonse ili ndi malire. M'milandu yambiri ya ngozi imene yakhala ikuweruzidwa ku High Court, malire amene ankatchulidwa anali K5,000,000. Funsani malire a inshuwalansi ya galimoto imene inakuvulazani. Khothi likagamula ndalama yoposa malirewo, yotsalayo amalipira ndi mwini galimoto ndi dalaivala. N'chifukwa chake posuma ndi bwino kutchula onse atatu, osati kampani yokha.

MUSANAKWERE

Ufulu wanu mumayamba kuuteteza muli pasiteji.

- Yang'anani nambala ya galimoto. Zonyamula anthu movomerezeka zimakhala ndi nambala yofiira. Galimoto ya munthu wamba ikamanyamula anthu olipira, kampani ya inshuwalansi ikhoza kukana kulipira ponena kuti sinagwirizane zoti galimotoyo izichita matola.
- Onani timapepala tomatidwa pagalasi lakutsogolo: ka inshuwalansi ndi ka COF, kosonyeza kuti galimotoyo inayesedwa. Pamalembedwa tsiku lothera.
- Tumizani nambala ya galimotoyo kwa wachibale pa foni. Ndi ntchito ya mphindi imodzi.
- Ngati ndi basi yopereka tikiti, isungeni mpaka mutafika.
- Mu minibasi ndi atatu pampando. Musalole kukhala pakhomo kapena kulendewera.
- Dalaivala akayamba kuthamanga kapena akununkha mowa, yankhulani. Akakana kumva, tsikani. Ndalama yokwerera imapezekanso, mwendo supezekanso.

PAMALO A NGOZI

Choyamba ndi moyo. Wovulala amene akudandaula khosi kapena msana musamunyamule mokoka manja ndi miyendo. Mugonekeni pa chinthu chowongoka, mutu usagwedezeke. Pamene pakutuluka magazi panikizani ndi nsalu yoyera. Wokomoka musamumwetse madzi.

Amene ali ndi mphamvu, kapena wachibale amene wafika msanga, achite izi:

1. Alembe nambala ya basi ndi ya galimoto ina iliyonse yokhudzidwa.
2. Ajambule ndi foni timapepala ta pagalasi, kuti dzina la kampani ya inshuwalansi lioneke.
3. Ajambule mmene galimoto zaimira, mizere ya matayala pamsewu, ndi matayala enieniwo.
4. Afunse dzina la dalaivala ndi la mwini galimoto. Afunsenso ngati amene ankayendetsa anali dalaivala weniweni kapena waganyu.
5. Atenge mayina ndi manambala a foni a anthu awiri kapena atatu amene aona ngoziyo: okwera anzake, ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu, a kabaza.
6. Alembe tsiku, nthawi ndi malo enieni.

Chenjezo: musamenye dalaivala, musatenthe kapena kuphwanya galimoto. Kutero ndi mlandu, komanso mumawononga umboni umene ukanakuthandizani. Dalaivala ali ndi udindo woima, kuthandiza ovulala ndi kukanena kupolisi pasanathe maola 24. Akaopa kuphedwa amathawa, ndipo otaya ndinu.

KUCHIPATALA

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale mukuona ngati mwangosupuka. Kuvulala kwa m'mutu, m'mimba ndi msana nthawi zina kumaonekera patapita masiku. Mukapita patatha milungu itatu, a inshuwalansi adzati munavulalira kwina. Pafupi nafe pali Mulanje Mission Hospital ndi chipatala chachikulu cha boma la Mulanje. Ovulala kwambiri amatumizidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre.

- Uzani adokotala momveka kuti mwavulala pa ngozi ya galimoto, ndipo onetsetsani kuti zalembedwa m'kabuku kanu ka kuchipatala.
- Tchulani paliponse pamene pakupweteka. Chimene sichinalembedwe chimavuta kuchitsimikizira kukhothi.
- Sungani zithunzi za ekisire, makalata okutumizani kuchipatala china, ndi kalata yokutulutsani.
- Jambulani mabala asanapole, komanso chikhakha ngati akuikani.
- Tsatirani masiku onse amene akuuzani kuti mubwererenso. Musachotse chikhakha nokha.
- Mukayamba kuchira, pemphani lipoti la chipatala. M'lipotimo dokotala amalemba mmene munavulalira, chithandizo chimene munalandira, ndi kukula kwa chilema chimene mwatsala nacho, kawirikawiri m'maperesenti.

Pezani envelopu yaikulu kapena jumbo yolimba, ikhale ya nkhani imeneyi yokha. Lisiti lililonse lilowe mmenemo: la mankhwala, la ndodo zoyendera, la ekisire, la lipoti. Kabaza sapereka lisiti, choncho gulani kope. Tsiku lililonse lembani motere: tsiku, kuchokera pa Chitakale kupita kuchipatala, ndalama zakuti. Lembaninso masiku amene simunapite kuntchito, ndi masiku amene wokudwazikani anasiya geni yake. Kope lolembedwa tsiku ndi tsiku limamveka kuposa kukumbukira kwa pakamwa patatha zaka ziwiri.

KUPOLISI

1. Pitani kwa apolisi apamsewu a dera limene ngozi inachitikira. Ngati inachitikira cha kuno, ndi kupolisi ya Mulanje. Ngati inachitikira ku Thyolo kapena ku Chiradzulu, nkhani imakhala m'manja mwa apolisi a kumeneko.
2. Onetsetsani kuti dzina lanu lili pa mndandanda wa ovulala, ndipo lalembedwa mofanana ndi pa chiphaso chanu cha unzika. Ambiri amavutika chifukwa anathamangitsidwa nawo kuchipatala apolisi asanafike, n'kusalembedwa.
3. Fotokozani zimene munaona ndi maso anu. Musawonjezere, musachotsere. Akuwerengereni zimene alemba musanasaine.
4. Pemphani lipoti la apolisi. Limalipiridwa, ndipo mutenge lisiti la boma. Lipotili limasonyeza nambala ya galimoto, dalaivala, mwini wake, kampani ya inshuwalansi, ndi amene apolisi akuona kuti analakwa.
5. Funsani tsiku limene mlandu wa dalaivala udzalowe kukhothi la majisitireti. Mukaitanidwa kukachitira umboni, pitani.

KUKAMPANI YA INSHUWALANSI

Mukakhala ndi lipoti la apolisi ndi la chipatala, lemberani kampaniyo kalata. M'kalatamo mukhale dzina lanu, mudzi, mfumu yaikulu ndi nambala ya foni, tsiku ndi malo a ngozi, nambala ya galimoto, mmene munavulalira, ndi mawu oti mukufuna chipukuta misozi. Makampani amenewa ali ndi maofesi ku Blantyre.

- Perekani mafotokope. Mapepala enieni akhale kwa inu.
- Konzani makalata awiri ofanana. Imodzi adindepo chidindo ndi tsiku n'kukubwezerani.
- Lembani dzina la amene wakulandirani ndi nambala ya dandaulo lanu.
- Akakuuzani ndalama imene akufuna kukupatsani, musayankhe pomwepo. Pemphani kuti alembe, mukafunse nzeru kwa odziwa malamulo.

Chenjezo lalikulu: polandira ndalama amakusainitsani pepala lonena kuti nkhani yatheratu. Mukasaina, n'kovuta kwambiri kubwereranso, ngakhale mwendowo utadzadulidwa chaka chamawa. Musasaine musanadziwe mmene thupi lanu lichirire. Musadinde chala pa pepala limene simunawerengeredwe m'Chichewa ndi munthu amene mumamukhulupirira. Madzi akatayika saoleka.

Kampani ikamakuzengerezani popanda chifukwa, kadandauleni ku Reserve Bank of Malawi. Kumeneko kuli ofesi ya Registrar of Financial Institutions, imene imayang'anira makampani a inshuwalansi ndi kulandira madandaulo a anthu.

KUPEZA LOYA

Kuvulala kukakhala kwakukulu, kapena kampani ikakana, mufunika loya. Milandu ya ndalama zambiri imapita ku High Court, ndipo ya kuno imakazengedwa ku Chichiri mumzinda wa Blantyre.

Wosauka asataye mtima. Boma linakhazikitsa Legal Aid Bureau kuti izithandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya. Funsani kukhothi la majisitireti ku Mulanje kuti akulozereni ofesi yawo yapafupi.

Mukasankha loya wolipira, samalani izi:

1. Pitani kuofesi kwake nokha, mumuone ndi maso. Mukhoza kufunsa ku Malawi Law Society ngati ali ndi chiphaso chogwirira ntchito chaka chimenecho.
2. Gwirizanani za malipiro ake musanayambe, ndipo mgwirizanowo ulembedwe.
3. Funsani nambala ya mlandu wanu kukhothi, muilembe m'kope lija.
4. Mlandu ukatha, pemphani kuona chigamulo cha khothi kapena kalata ya kampani yosonyeza ndalama zonse zimene zatuluka. Loya akupatseni pepala losonyeza zimene wadulapo.
5. Loya akakubisirani ndalama, kadandauleni ku Malawi Law Society.

Chenjerani ndi anthu amene amazungulira m'mawodi ndi m'midzi ngozi ikangochitika, n'kumati, "Mayi, tipatseni mapepalawo, tili ndi loya wathu, ndalama zituluka mwezi uno." Lamulo sililola loya kusaka anthu kudzera mwa madobadoba. Mabanja ena anapereka mapepala awo enieni kwa anthu otere, ndipo sanaonenso mapepalawo kapena ndalamazo. Wina akakuuzani kuti mugule lipoti labodza lokulitsa kuvulala, kanani. Zikaululika mumataya zonse, n'kumangidwanso.

ZIMENE KHOTHI LIMAWERENGERA

Palibe mtengo umodzi wa mwendo kapena mkono. Khothi limaona kuvulala kwanu, n'kuyerekeza ndi zimene linagamula pa milandu ina yofanana nayo, poganiziranso kugwa mphamvu kwa kwacha. Limayang'ana izi:

- Ululu ndi kuzunzika: kuyambira tsiku la ngozi, masiku a m'chipatala, maopaleshoni, mpaka ululu umene udzapitirire.
- Zimene simungathenso kuchita: kulima, kusenza madzi, kupalasa njinga, kusewera mpira, kubereka mwana kumbuyo, kukhala malo amodzi m'banja.
- Kuwonongeka kwa maonekedwe: zipsera, kutsimphina, kuduka chiwalo, kuguluka mano.
- Ndalama zimene mwalephera kupeza, ndi zimene simudzathanso kupeza. Wolembedwa ntchito kuesiteti abweretse mapepala a malipiro. Wageni abweretse kope la malonda ndi mboni za pamsika.
- Ndalama zimene mwawononga. Izi zimafuna malisiti.

Pofotokoza kukhothi musachite manyazi. Ngati simungathe kudzithandiza nokha kuchimbudzi, nenani. Ngati m'banja zinthu zinasintha chichitikire ngoziyo, nenani. Mbewa yamanyazi inafera kuuna.

Khothi likhoza kuchepetsa ndalama likaona kuti inunso munathandizira kuvulala kwanu, monga kudumpha basi isanaime kapena kulendewera pakhomo. Koma kuchepetsa si kumana. Funsanibe.

PAKAGWA ZOVUTA

Munthu akamwalira pa ngozi, lamulo limayang'ana amene ankadalira iyeyo: mkazi kapena mwamuna wake, ana ake ndi makolo ake. Kuno kwathu atsibweni ndi eni mbumba ndiwo amatsogolera zokambirana za pamaliro, ndipo ulemu wawo ndi woyenera. Koma ndalama ya chipukuta misozi si ya wotsogolera mwambo. Ndi ya amasiye amene atsala opanda wowagulira ufa.

Sonkhanitsani mapepala awa:

1. Lipoti la apolisi.
2. Lipoti la chipatala lonena chimene chinapha malemuwo.
3. Chiphaso cha imfa, chimene chimachokera ku National Registration Bureau. Yambirani kuofesi ya bwanamkubwa ku Mulanje.
4. Umboni wa ukwati, kaya wa kutchalitchi, kumzikiti, kwa bwanamkubwa kapena wa ankhoswe ndi amfumu.
5. Umboni wa ana ndi zaka zawo.
6. Umboni wa ndalama zimene malemu ankapeza.
7. Malisiti a zonse za pamaliro.
8. Kalata ya khothi yopatsa munthu mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye, motsatira lamulo la chuma cha masiye la 2011.

Makhothi amawerengera chonchi. Amatenga ndalama imene malemu ankapeza pamwezi, n'kuichulukitsa ndi miyezi 12, kenako ndi zaka zimene akuona kuti akanapitiriza kusamala banja. Pamenepo amachotsapo gawo limodzi mwa magawo atatu, limene malemuwo akanadya okha. Tiyerekeze bambo amene ankapeza K150,000 pamwezi, ndipo khothi laika zaka 15. Pachaka ndi K1,800,000. Pa zaka 15 ndi K27,000,000. Kuchotsapo gawo limodzi mwa atatu kutsala K18,000,000. Ichi ndi chitsanzo chabe, koma chikuonetsa kutalikirana kwa bokosi ndi thumba la chimanga ndi zimene banja lataya. Chikuonetsanso chifukwa chake mwini galimoto ayenera kutchulidwa pamlandu, popeza ndalama yotere ikhoza kuposa malire a inshuwalansi.

Ngati malemu anali mlimi kapena wageni wopanda mapepala a malipiro, makhothi amagwiritsa ntchito malipiro otsikitsitsa amene boma linakhazikitsa. Choncho musati, "Amayi athu sankagwira ntchito, palibe chimene tingalandire." Palinso ndalama ina imene khothi limapereka chifukwa chakuti moyo wa munthu wadulidwa nthawi isanakwane, ngakhale womwalirayo akhale mwana.

NTHAWI SIDIKIRA

- Zaka 2 kuchokera tsiku la ngozi: malire osumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji.
- Zaka 3: malire amene lamulo la Limitation Act linaika pa milandu ya kuvulala kwa munthu chifukwa cha kusasamala kwa wina.

Chimene chimaimitsa nthawiyi ndi kulowetsa mlandu kukhothi. Kulemba kalata, kuimba foni, kapena lonjezo la mwini basi lakuti "tidzaona mwezi wamawa" siziimitsa nthawi. Lembani tsiku la ngozi pachikuto cha envelopu ija ndi zilembo zazikulu. Chaka chikatha nkhani isanaoneke mutu wake, thamangirani kwa loya.

MAFUNSO AMENE ANTHU AMAFUNSA

Ndinalibe tikiti. Kodi ndingalandire?
Inde. Minibasi zambiri sizipereka tikiti. Dzina lanu m'lipoti la apolisi, kabuku ka kuchipatala ndi mboni ndizo zimatsimikiza kuti munali mmenemo.

Basi inalibe inshuwalansi. Ndiye basi zatha?
Ayi. Mukhoza kusumira dalaivala ndi mwini galimoto, ndipo khothi likhoza kulamula kuti katundu wawo agwidwe. Koma njirayi ndi yaitali, n'chifukwa chake tikuti yang'anani pagalasi musanakwere.

Wovulala ndi mwana. Asume ndani?
Kholo kapena womulera amasuma m'malo mwake. Ndalamayo ndi ya mwanayo: ya chithandizo chake, sukulu yake ndi tsogolo lake.

Ndinagundidwa ndikuyenda pansi kapena ndili panjinga. Kabukuka kakundikhudza?
Kwambiri. Njira zake ndi zomwezi.

Nanga dalaivala ndi kondakitala akavulala?
Iwowa avulalira pantchito. Lamulo la Workers' Compensation Act la 2000 limati wowalemba ntchito awalipire. Apite kuofesi ya zantchito ya boma ku Mulanje msanga.

Nanga kabaza wa njinga yamoto?
Nayenso lamulo limamufuna akhale ndi laisensi ndi inshuwalansi. Wopanda zimenezi akakugwetsani, mumatsala ndi mnyamata amene alibe chokulipirani. Funsani musanakwere, ndipo valani chipewa chotetezera mutu.

Ngozi ikachitikira kunja kwa dziko?
Amagwiritsa ntchito malamulo a dziko limenelo. Abale athu ambiri amayenda pa basi kupita ku Johannesburg ndi mizinda ina, ndipo mu Okutobala 2025 basi inagwa pafupi ndi Makhado ku South Africa n'kupha anthu oposa 40, ena mwa iwo Amalawi. Kumeneko madandaulo a ngozi zapamsewu amapita ku thumba la boma lotchedwa Road Accident Fund. Sungani pasipoti yodindidwa, tikiti ndi mapepala a chipatala, ndipo dziwitsani ofesi ya kazembe wa Malawi.

Mwini basi ndi mnansi wathu, timapemphera mpingo umodzi. Si kumuchita chipongwe?
Ayi. Iye amalipira inshuwalansi chaka ndi chaka kuti tsiku ngati limeneli likafika, ovulala athandizidwe. Kufunsa chipukuta misozi si udani. Mukhoza kumuuza mwaulemu kuti, "Bambo, thandizo lanu talandira ndipo tathokoza, koma tipitanso ku inshuwalansi kuti mwanayu apeze chithandizo chokwanira."

ZOLAKWIKA ZIMENE ZIMATAYITSA MABANJA NDALAMA

1. Kugwirizana ndi dalaivala pamsewu pomwepo kuti nkhani isafike kupolisi.
2. Kuchedwa kupita kuchipatala, kapena kuthawa m'chipatala chithandizo chisanathe.
3. Kutaya kabuku ka kuchipatala ndi malisiti.
4. Kupereka mapepala enieni kwa munthu wosadziwika.
5. Kusaina msanga chifukwa cha njala ya lero.
6. Kulemba mayina osiyanasiyana kupolisi, kuchipatala ndi pa chiphaso.
7. Kudikira kuti mlandu wa dalaivala uthe kaye, nthawi n'kumapita.
8. Kukangana pachibale za wolandira ndalama zisanatuluke n'komwe.
9. Kusintha nambala ya foni osadziwitsa loya kapena kampani.

NDALAMA ZIKATULUKA

Zilowe mu akaunti ya kubanki ya wovulalayo kapena ya amasiye, osati m'thumba la wowaperekeza. Kumbukirani kuti zimabwera kamodzi kokha, pamene chilema chimakhala moyo wonse. Yambani ndi chithandizo cha thupi, sukulu ya ana, ndi chinthu chimene chingabweretse ndalama kwa munthu amene sangathenso kugwira ntchito yake yakale, monga makina osokera, kagolosale kapena ziweto.

KWA AMFUMU, ATSOGOLERI A MIPINGO NDI MAGULU A BANKI M'KHONDE

Munthu ali pabedi ndi chikhakha sangayende kupolisi. Mayi amene ali pa chisoni sangakumbuke lisiti la bokosi. Mutu umodzi susenza denga. Ngozi ikagwa m'mudzi mwanu, monga mmene mumasankhira okumba manda ndi ophika, sankhaninso munthu mmodzi wokhulupirika, wodziwa kulemba, woti asunge envelopu. Iyeyo alembe nambala ya galimoto, atenge mayina a mboni, atolere malisiti, ndipo tsiku lililonse la msonkhano azikumbutsa banjalo miyezi imene yatsala.

Werengani kabukuka pamsonkhano wa m'mudzi, kumpingo ndi kugulu. Ndipo mawa mukaima pasiteji pa Chitakale, kondakitala akukukokerani chikwama, imani kaye pang'ono. Yang'anani pagalasi, werengani nambala, itumizeni kunyumba, kenako mukwere.